Mwamuika pa whitelist koma ma imelo ake akugwerabe mu spam, nkhani yake ili chonchi

Funso limeneli limabwera pafupipafupi moti kuyankha mmodzi mmodzi kwatopetsa, nde bola ndingolemba kamodzi. Whitelist ndi mndandanda wa otumiza omwe mwauza pulogalamu ya ma imelo kuti isamawatenge ngati spam. Munthu amati "ndamuika kale pa whitelist, adilesi ndalemba bwinobwino, ndaonanso kawiri, koma ma imelo ake akugwerabe mu spam, pena sakufika nkomwe," kenako amayamba kutukwana pulogalamu kuti ndi yabodza. Zoona zake nthawi zambiri pulogalamuyo ilibe mlandu, ikuchita ndendende zomwe munaiuza, kungoti zomwe munaiuzazo si zomwe mukuganiza kuti munaiuza. Kawirikawiri vuto limakhala pa zinthu ziwiri: mwalemba dzinalo pa chipata cholakwika, kapena mwalemba dzina lomwe mlonda wa pa chipatapo sayang'ana.

Tiyambe ndi zipatazo. Imelo ikamabwera kwa inu sidutsa pa khomo limodzi ayi. Poyamba seva ya wotumiza, kompyuta yomwe imamutumizira ma imelo, imagogoda pa seva yanu, ndipo pa nthawi imeneyo seva yanu sikudziwa kuti walemba ndani, mutu wake ndi wotani, ikungoona nambala ya IP basi, yomwe ndi adilesi ya sevayo pa intaneti. Pamenepo pali mlonda woyamba. Akailola, seva ija imanena kuti kalatayi ikuchokera kwa uje ikupita kwa uje, pamenepo pali mlonda wachiwiri. Kenako kalata yeniyeniyo imalowa, nkufika pa sefa yomwe imawerenga zamkati ndi kupereka mapointi, monga SpamAssassin kapena Rspamd, pambali pake pali ina yofufuza ma virus, nde ikatsala pang'ono kufika mu inbox palinso malamulo a akaunti yanu ndi pulogalamu yomwe mumawerengera ma imelo, Outlook kaya Thunderbird, yomwe nayonso ili ndi kasefa kake. Mlonda aliyense ali ndi kabuku kake ka mayina. Mukalemba mnzanu mu kabuku ka mlonda womaliza, woyamba uja sakudziwa chilichonse, amubweza ali pa msewu pomwe ndipo womalizayo sadzamuona nkomwe.

Nchifukwa chake musanagwire setingi iliyonse, dziwani kaye kuti imeloyo yafera pati. Mufunseni wotumizayo ngati analandira meseji yomubwezera. Ngati analandira yokhala ndi nambala yoyamba ndi 5, monga 550 kapena 554, ndiye kuti seva inaikana pa khomo, sinalowe, ndipo whitelist ya mu inbox mwanu ilibe nayo ntchito. Mawu omwe ali pambali pa nambalayo muwawerenge, musangowadumpha, nthawi zambiri amanena poyera kuti IP yanu ili pa mndandanda wakutiwakuti kapena DMARC, mayeso a umboni wa wotumiza omwe tifotokoze kutsogoloku, yalephera. Ngati nambala ikuyamba ndi 4, monga 450 kapena 451, imeneyo ndi "bweraninso nthawi ina," ndipo kawirikawiri ndi greylisting, njira yomwe Evan Harris anaifotokoza mu 2003, yoti seva ikaona mlendo imamubweza dala koyamba poganiza kuti seva yeniyeni idzayesanso koma ya spam sidzavutika. Pulogalamu ya postgrey, yomwe imachita greylisting, imadikiritsa masekondi 300 ngati simunasinthe. Vuto lake makampani akuluakulu amatumiza kuchokera ku ma IP ambirimbiri, akayesanso amabwera ndi IP ina, nde sefa imawaonanso ngati mlendo nkuwabwezanso, imelo nkumazungulira maola angapo. Postgrey ili ndi fayilo yakeyake ya whitelist_clients, yosiyana ndi ya SpamAssassin, anthu amaiwala zimenezo.

Ngati sanabwezeredwe kanthu koma inunso mu spam mulibe, yang'anani ku quarantine, komwe sefa imatsekera ma imelo okayikitsa, ndi mu ma log a seva, momwe imalemba zomwe yachita. Ngati ili mu foda ya spam, kondwani, chifukwa muli ndi mtembo woti muupime, zonse zalembedwa mu ma header ake, ma laini obisika a pamwamba pa imelo onena komwe yadutsa.

Tsono nkhani ya dzina, pomwe anthu ambiri amagwera. Imelo iliyonse ili ndi ma adilesi awiri a wotumiza, osati imodzi. Ganizani kalata ya pa positi: kunja kwa envelopu kuli adilesi yobwezera kalata ikalephera kufika, mkati pa pepala pali dzina lomwe wolemba wasaina. Ziwirizi sizikakamizidwa kufanana. Mu SMTP, njira yomwe ma seva amapatsirana ma imelo, yomwe Jon Postel anailemba mu 1982 mu RFC 821, ya pa envelopu ija imatchedwa MAIL FROM ndipo ikafika mumaipeza pa laini ya Return-Path, pomwe ya mkati ndi From: yomwe inu mumaiona pa sikirini. Munthu akamakulemberani yekha ndi manja ziwirizi zimafanana, nchifukwa chake simunazindikirepo. Koma ma invoice, ma newsletter, ma meseji osinthira password, zambiri zimatumizidwa kudzera ku makampani ena monga Mailchimp, SendGrid kapena Amazon SES, nde pa From: pamaoneka info@example.com koma pa envelopu pali chinthu chachitali chosawerengeka cha domeni ina, ndipo pena chimasintha pa imelo iliyonse kapena pa wolandira aliyense. Kusinthasinthako ndi dala, njira yake imatchedwa VERP, anaiyambitsa Daniel J. Bernstein mu 1997 kuti wotumiza azidziwa adilesi yomwe yabweza kalata.

Nde taonani mmene zimasokonekera. Postfix, pulogalamu ya seva ya ma imelo, ikamagwiritsa check_sender_access imayang'ana ya pa envelopu yokha, From: siinafike nkomwe pa nthawi imeneyo. Safe Senders ya Outlook imayang'ana From:. Google Workspace ili ndi email allowlist yomwe imafuna ma IP, osati ma adilesi. Inu mwakopera adilesi yomwe mukuiona pa sikirini nkukaiika mu Postfix, ndipo sidzagwira ntchito mpaka kalekale chifukwa Postfix sinaionepo adilesi imeneyo.

Poti tatchula Postfix timalize nayo. Pali tinthu titatu tomwe timazunza anthu. Koyamba, mukasintha fayilo ya access ya mtundu wa hash muyenera kuthamangitsa postmap, apo ayi Postfix ikuwerengabe ya .db yakale, inu mukuyang'ana fayilo yatsopano nkumadabwa. Kachiwiri, malamulo amawerengedwa motsatana kuchokera pamwamba, woyamba kupereka chigamulo ndi amene wapambana, nde ngati reject_rbl_client, yokana ma IP omwe ali pa mindandanda ya oipa, ili pamwamba pa check_sender_access yanu, kalata yakanidwa kale isanafike pa dzina la mnzanuyo. Kachitatu ndi komwe kamapweteka: OK, mawu omwe mumalemba mu fayilo ya access kuti munthu aloledwe, imangomudutsitsa pa mndandanda wa malamulo womwe ilimo basi. Mukaika OK mu smtpd_sender_restrictions, imeloyo ikakumanabe ndi smtpd_recipient_restrictions ndipo ikhoza kukanidwa kumeneko, komanso ma milter, masefa ena olumikizidwa ku Postfix, akuidikirabe kutsogolo. Ena akapsa mtima amatenga OK uja nkumuika pamwamba penipeni pa recipient restrictions, pamwamba pa reject_unauth_destination, ndipo pa ma setingi akale zimenezo zimasandutsa seva yanu open relay, aliyense wonama kuti ndi adilesi imeneyo akhoza kutumiza spam ku dziko lonse kudzera kwa inu. Kuyambira Postfix 2.10 kunabwera smtpd_relay_restrictions kuti ngozi imeneyi ichepe, komabe osasewera napo. Ndipo ngati muli ndi postscreen, imeneyo ili kutsogolo kwa zonsezi, imangodziwa IP, whitelist yake ndi postscreen_access_list.

Tidutseko pang'ono pa nkhani ya mindandanda ya ma IP oipa. Ngati mwadzidzidzi aliyense akukanidwa, osati mnzanu yekhayo, musayambe kuika dziko lonse pa whitelist. Spamhaus, bungwe losunga mindandanda yotere, siyankha bwino mafunso odzera ku ma DNS a aliyense monga 8.8.8.8 (DNS ndi ngati buku la ma adilesi la pa intaneti), imabweza 127.255.255.254 kutanthauza kuti "mwafunsira pa njira yolakwika," koma seva yosakonzedwa bwino imatenga yankho lililonse ngati "inde ndi wa spam" nkuyamba kubweza onse. Mankhwala ake ndi kukhala ndi resolver yanu, pulogalamu yofunsa DNS, pa sevapo ndi kuuza Postfix ma code enieni oti izikana nawo. Mu SpamAssassin chizindikiro chofanana ndi chimenechi ndi URIBL_BLOCKED mu header.

Tsopano SpamAssassin, yomwe ndikhalitsapo chifukwa ndi yomwe ili pa ma seva ambiri ang'onoang'ono ndi mu cPanel. Anailemba Justin Mason mu 2001, pano ili pansi pa Apache. Kagwiridwe kake ndi ka mapointi: lamulo lililonse lomwe imelo yakhudza limawonjezera kapena kuchotsa, ikafika 5.0 ngati simunasinthe required_score ndiye spam. Whitelist mmenemu si khomo lapadera ayi, ndi lamulo ngati ena onse, kungoti limachotsa mapointi 100 nthawi imodzi. Kutanthauza kuti ngati yagwira, mu header ya X-Spam-Status mupeza USER_IN_WHITELIST ndi mapointi ngati -98 kapena chapompo. Kuyambira version 4.0.0 ya December 2022 mayina anasintha, ndi welcomelist_from ndi USER_IN_WELCOMELIST, akale akugwirabe koma musadabwe mukaona atsopanowo. Nde mayeso ake ndi osavuta: tsegulani header, fufuzani mawu amenewo. Ngati alipo, mapointi ali pansi choncho, koma imelo ili mu spam, SpamAssassin yachita mbali yake, wina kutsogolo ndi amene waiponya, mwina lamulo la Sieve losanja ma imelo mu mafoda, mwina Outlook, mwina foni. Ngati palibe, whitelist yanu sinagwire ndipo tifufuze chifukwa. Ngati ma header a X-Spam kulibiretu, mwina imeloyo sinadutse nkomwe mu SpamAssassin.

Chifukwa choyamba ndi kalembedwe. SpamAssassin pa laini ya whitelist_from silandira regex, imangodziwa * (zilembo zilizonse) ndi ? (chilembo chimodzi) basi. Mukalemba example.com yokha osaika *@ kutsogolo, palibe adilesi yomwe ifanane nayo. Mukalemba *@example.com, imeneyo sigwira munthu wa news@mail.example.com, pamafunika *@*.example.com payokha. Ena pofuna kuphweketsa amalemba *example.com, imagwiradi zonse, koma imagwiranso wakuba yemwe walembetsa domeni ngati fakeexample.com, nde mwamupatsa -100 yaulere.

Chachiwiri ndi fayilo yomwe mwalembamo. Pali local.cf ya seva yonse, yomwe imakhala ku /etc/mail/spamassassin kapena /etc/spamassassin kutengera Linux yanu, ndiye pali user_prefs ya munthu aliyense mu foda ya .spamassassin. Ngati SpamAssassin ikuitanidwa ndi amavisd-new, pulogalamu yolumikiza seva ya ma imelo ndi masefa, imathamanga ngati yuza mmodzi wa amavis, user_prefs ya mu home mwanu siiwerenga nkomwe, mukhoza kulembamo mpaka mawa. Ndipo mukasintha local.cf muyenera kuyambitsanso spamd, yomwe ndi SpamAssassin yothamanga kumbuyo, kapena amavis yemweyo, chifukwa setingi amaiwerenga poyamba pokha. Musanayambitsenso thamangitsani spamassassin --lint, ikangokhala chete ndiye kuti zili bwino, ikalankhula ndiye pali laini yomwe ikudumphidwa. Kenako sungani imelo yovutayo yonse ndi ma header ake mu fayilo, muidyetse ndi spamassassin -D -t, ndipo muchite zimenezi ngati yuza yemwe sefayo imathamangira, osati root, apo ayi mukuyesa setingi ina. Zotuluka zake ndi zambiri zotopetsa maso, koma kuona maso a nkhono nkudekha, penapake mmenemo yalemba ma adilesi omwe yayang'ana ndi mafayilo omwe yawerenga. Muonenso ngati munthu yemweyo sali pa blacklist_from kwinakwake, poti imeneyo imawonjezera 100, ziwirizo zimangofafanizana nkutsala ngati simunachite kanthu. Amavis nayonso ili ndi whitelist yakeyake, ndipo dziwani kuti kumukhululukira munthu pa spam sikumukhululukira pa virus kapena pa attachment yoletsedwa, akatumiza fayilo ya .exe igwidwabe.

Chachitatu ndi chomwe chinandidyera masiku awiri nthawi ina pa seva ya ofesi ina yake. Ndinagwiritsa whitelist_from_rcvd, yomwe ndi yabwino kuposa whitelist_from wamba chifukwa imafuna zinthu ziwiri, adilesi ya wotumiza komanso dzina la seva yomwe yapereka kalatayo kwa inu. Zonse ndinalemba molondola koma osagwira. Kumene vuto linali ndi koti kutsogolo kwa seva yathu kunali gateway ina yomwe imalandira ma imelo kaye, ndipo ine sindinaiuze SpamAssassin kuti gateway imeneyo ndi yathu. Nde iyo ikayang'ana ma laini a Received, imaona ngati kalata iliyonse yachokera ku gateway ija, dzina la seva ya wotumiza osaliganizira. Zimenezi zimakonzedwa ndi trusted_networks ndi internal_networks, ndipo zikalakwika sikuti whitelist yokha ndi yomwe imafa, SPF, yomwe tifotokoze posachedwapa, imayesedwa pa IP yolakwika, mindandanda ya ma IP imafunsidwa za IP yolakwika, chilichonse chimapotoka. Mukaona ALL_TRUSTED pa imelo yochokera kunja dziwani kuti matenda ndi amenewa, kungoti mbali inayo: sefa ikukhulupirira ma seva omwe si anu. Chinanso, seva ya wotumizayo iyenera kukhala ndi reverse DNS, dzina lomwe limapezeka mukafunsa za IP yake, mukaona "unknown" pa laini ya Received ndiye kuti palibe dzina loti lifanane ndi lomwe mwalemba.

Mwina mukufunsa kuti bwanji osangogwiritsa whitelist_from wamba poti ndi yosavuta. Chifukwa From: aliyense akhoza kulembapo chomwe akufuna, SMTP yokha siletsa. Choipitsitsa chomwe ndimachiona kawirikawiri ndi munthu kuika domeni yake yomwe pa whitelist, eti kuti ma imelo a mu ofesi asamagwere mu spam. Akuba amadziwa zimenezi, amatumiza kalata yonama kuti yachokera kwa bwana wanu kapena kwa inu nomwe, ndipo sefa yanu imaigwadira nkuipatsa -100. Mukaona spam yambiri ikulowa ili ndi USER_IN_WHITELIST, mwadzitsegulira nokha. Chimodzimodzi kuika *@gmail.com, pamenepo ndiye mwangochotsa chitseko.

Njira yabwino ndi whitelist yomwe imafuna umboni, monga whitelist_from_spf, whitelist_from_dkim, kapena whitelist_auth yomwe imalola uliwonse mwa maumboniwo. Koma apa ndi pomwe pamabwera gulu lina la "sizikugwira," chifukwa umboni ukalephera whitelist imangokhala chete osakuuzani. Nde tiwamvetse pang'ono. SPF, yomwe inalembedwa mu RFC 4408 mu 2006 nkukonzedwanso mu RFC 7208 mu 2014, ndi mndandanda womwe mwini domeni amaika mu DNS wonena ma seva ololedwa kutumiza m'dzina lake, ndipo imayesa adilesi ya pa envelopu, osati From:. Ili ndi malire a ma lookup 10 a DNS, kampani ikangowonjezera ma include ambirimbiri nkupitirira 10 zotsatira zake ndi permerror, ndipo eni ake nthawi zambiri sadziwa. DKIM, RFC 6376 ya 2011, ndi siginecha yomwe seva yotumiza imadinda pa kalata, mu header mumaona d= kutsogolo kwake kuli domeni yomwe yasaina. Ngati d= ndi ya kampani yotumizira osati ya mnzanuyo, whitelist_from_dkim yokhala ndi adilesi yokha sigwira, muyenera kuwonjezera domeni yosainayo ngati mawu achiwiri pa lainiyo. Kenako DMARC, RFC 7489 ya 2015, imati SPF kapena DKIM ipambane, komanso domeni yomwe yapambanayo igwirizane ndi ya pa From:, ndipo mwini domeni amanena yekha chochita zikalephera, none, quarantine kapena reject. Zonsezi mumaziona pa laini imodzi ya Authentication-Results, imeneyo ndi laini yoyamba yomwe ine ndimayang'ana.

Taonani chodabwitsa chake apa: ngati domeni ya mnzanuyo ili ndi p=reject ndipo imelo yake yalephera DMARC, seva yanu ikamaikana ikumvera iyeyo mwini wake. Inu mukulimbana ndi whitelist kuti mumulowetse, pomwe iye analemba yekha mu DNS kuti kalata yotere muziitaya. Zimachitika kwambiri dipatimenti ina ikayamba kugwiritsa pulogalamu yatsopano yotumizira ma invoice osauza wa IT kuti aiwonjezere mu SPF ndi kuikira DKIM.

Forwarding ndi mdani wina wamkulu. Muli ndi adilesi yakale yomwe imaponyera ma imelo ku yatsopano, nde kalata ikafika ku yatsopanoyo ikuchokera ku IP ya seva yoponyerayo, yomwe sili mu SPF ya wotumiza woyamba, SPF nkulephera pompo. Ma seva ena amakonza ndi SRS, kulembanso adilesi ya pa envelopu kuti ikhale ya domeni yawo, SPF nkupambana, koma tsono whitelist yanu ya pa envelopu yafa chifukwa adilesi yasintha, mukaona Return-Path yoyamba ndi SRS0= ndi zimenezo. DKIM imapirira forwarding bola kalata isasinthidwe, koma ma mailing list amakonda kuwonjezera mawu pa mutu ndi kamzere pansi, siginecha nkusweka. Zimenezi zinaphulika mu April 2014 pomwe Yahoo inaika p=reject, AOL nkutsatira, ma mailing list ambiri anasokonekera mpaka mapulogalamu ngati Mailman anayamba kusintha From: kuti izioneka ya list yomweyo. Ndiye ngati mnzanu amakulemberani kudzera pa list, adilesi yake mwina siili pa From: nkomwe, bola kugwiritsa header ya List-Id. ARC, RFC 8617 ya 2019, inabwera kuti seva ya pakati izichitira umboni kuti "pofika kwa ine zinali bwino," koma imathandiza pokhapokha wolandira akuikhulupirira seva ya pakatiyo.

Za Rspamd sindinena zambiri, nzeru yake ndi yomweyo. Mapointi ake mwachizolowezi ndi 4 greylist, 6 kuika chizindikiro cha spam, 15 kukana. Whitelist ambiri amaipanga ndi multimap, ndipo pamenepo mumasankha nokha kuti iyang'ane envelopu kapena header, nde funso lija la adilesi iti likubweranso. Zosintha zanu zilembeni mu local.d, mukalemba mu mafayilo enieni a pulogalamu update ikabwera zipita.

Kwa amene muli pa Microsoft 365, pali malo angapo olembapo dzina ndipo mphamvu zake ndi zosiyana: Safe Senders ya munthu payekha, allowed senders mu anti-spam policy, IP Allow List, mail flow rule, ndi Tenant Allow/Block List. Kuti mudziwe yomwe yagwira, onani header ya X-Forefront-Antispam-Report. SCL:-1 ndiye kuti sefa ya spam yadumphidwa, SFV:SFE ndi Safe Senders ya munthuyo, SFV:SKA ndi mndandanda wa mu policy, SFV:SKN ndi mail flow rule, IPV:CAL ndi IP yololedwa. Koma chomwe muyenera kudziwa ndi chomwe a Microsoft amati secure by default: imelo yomwe aiona kuti ili ndi malware kapena ndi high confidence phishing imapita ku quarantine olo mutailemba pa Safe Senders kapena mu policy, whitelist wamba siikhudza. Pamenepo njira ndi kuitumiza kwa iwo kudzera pa Submissions nkuwauza kuti alakwitsa. Message trace ikuuzani komwe imelo yathera. Ndipo ngati muli ndi sefa ya kampani ina kutsogolo kwa Microsoft, vuto lija la gateway yanga likupezaninso, IP yomwe akuiona ndi ya sefayo, mpaka mutayatsa Enhanced Filtering for Connectors.

Pa Gmail wamba, kuika munthu mu ma contact kumathandiza koma si lonjezo. Champhamvu ndi kupanga filter nkuchonga "Never send it to Spam," koma nayonso imagwira pa kalata yomwe Gmail yailandira kale, yomwe yakanidwa pa khomo ndi 550 5.7.26 chifukwa chosowa umboni filter yanu siiona. Kuyambira February 2024 Google ndi Yahoo anakhwimitsa malamulo, aliyense wotumiza ayenera kukhala ndi SPF kapena DKIM, ndipo wotumiza ma imelo 5000 kapena kuposa pa tsiku ku Gmail ayenera kukhala ndi zonse ziwiri kuphatikiza DMARC, njira yodzichotsera pa mndandanda ndi kudina kamodzi, komanso madandaulo a spam asafike 0.3 peresenti. Nde zambiri zomwe kale zinkadutsa mwa chisomo pano sizidutsa, ndipo wolandira palibe chomwe angachite kumbali yake. Kuti muone ma header dinani timadontho titatu pa imeloyo nkusankha Show original, pamwamba pomwe akulemberani SPF, DKIM, DMARC, PASS kapena FAIL.

Kanthu kena kakang'ono koma kamachititsa manyazi: pomufunsa munthu kuti akupatseni imelo yovutayo, asachite forward wamba, chifukwa forward imataya ma header onse oyambirira nkuika ake, inu nkumafufuza kalata ina. Aitumize ngati attachment kapena aisunge ngati fayilo ya .eml. Ndipo ma laini a Received amawerengedwa kuchokera pansi kukwera mmwamba, wapansi ndi woyamba, seva iliyonse imawonjezera wake pamwamba, koma okhulupirika ndi okhawo omwe alembedwa ndi ma seva anu, a pansiwo wotumiza akhoza kupeka.

Ine maganizo anga, ndipo ena atsutsa, ndi oti theka la ma whitelist omwe anthu amaika sanayenera kuikidwa. Mukatsegula X-Spam-Status nkupeza kuti imelo yapeza 5.3 chifukwa cha BAYES_99, vuto si wotumiza, ndi Bayes yanu, mbali ya SpamAssassin yophunzira pa ma imelo akale, yomwe yaphunzira zolakwika, idyetseni ma imelo abwino ndi sa-learn --ham, pokumbukira kuti siyamba nkomwe kugwira ntchito isanaone spam 200 ndi abwino 200. Mukapeza SPF_FAIL kapena DKIM_INVALID, mulembereni wa IT wa kumeneko mumutumizire laini ya Authentication-Results, chifukwa ngati ikulephera kwa inu ikulepheranso kwa ena onse omwe amawatumizira, inu mukamuika pa whitelist mwangomubisira matenda. Pomwe whitelist ikufunikadi, monga makina a alamu kapena sikana yomwe imatumiza ma imelo opanda mawu okhala ndi attachment yokha, ipangeni yopapatiza, adilesi imodzi yomangiriridwa ku DKIM kapena ku IP yake, ndipo pamwamba pa lainiyo muike ndemanga yoyamba ndi # yonena tsiku, amene anapempha ndi chifukwa chake. Mukatero mumuuze atumizenso imelo yatsopano kuchokera ku makina omwewo omwe amavutawo, osati kuchokera pa foni yake, chifukwa ya pa foni imadzera seva ina ndipo ikafika bwino mudzaganiza kuti mwakonza pomwe ma invoice aja akugwerabe komwe kuja.